Dzanja Pamsana pa Ng'ombe

Tinkawatchula kuti a Chipewa, chifukwa chipewa chawo chachikulu chija ankachivula malo awiri okha, m'tchalitchi ndi pamaliro. Amwalira mwezi watha ali ndi zaka 93. Ine ndinali mnansi wawo. Chotilekanitsa chinali mpanda wawaya, ndipo pa zaka makumi anayi mpandawo ndinkaukonza ndekha, eni ake ali kothandiza anthu ena.

Ndiwo anali matenda awo amenewo. Mlatho wa pakhwawa ukakokoloka, oyamba kufika ndi mitengo anali iwo. Wina akadwala, galimoto yawo yonunkha mankhwala a nkhupakupa inkaima pakhomo musanamalize n'kupempha komwe. Belu la kutchalitchi analiimba zaka makumi asanu, abusa akubwera n'kumapita, chingwe chili m'manja omwewo. Mayi a kunyumba kwawo, asanatisiye, ankakonda kunena kuti, "Mwamunayu ndi wa mudzi wonse, changa ndekha ndi denga lodonthali."

Ng'ombe zokha ndizo sankazitaya. Madzulo aliwonse ankaima pachipata cha khola, chopapatiza moti zinkalowa imodziimodzi, n'kumaika dzanja pamsana pa iliyonse. Yomaliza ikalowa ankatseka n'kunena mokweza kuti, "Ambuye, zonse zabwera, zikomo," kenako n'kutchula chiwerengero chake, ngati kuti Mulunguyo angaiwale.

Maso awo atachita ng'ala, mwana wawo wamkazi, namwino wa kutauni, anabwera kudzawatenga. Anakana kwamtuwagalu. Anakokanakokana tsiku lonse mpaka anapangana chimodzi: tsiku limene adzalephere kuwerenga ng'ombe zawo, adzanyamuka osalimbalimba. Nthawi imeneyo zinali zitatsala makumi awiri ndi zitatu. Mwanayo ankabwera Loweruka lomaliza la mwezi uliwonse, n'kuima pambali pa chipata manja atapinda, akuwerenga chamumtima. Zaka zitatu zinatha osawagwira.

Ndiye Lachitatu lina ndinapeza ng'ombe yawo yaikazi yofiira itagwera m'chigwembe cha kumapeto kwa busa, khosi litathyoka. Madzulo ndinapita kuti ndikawauze. Ndinawapeza akutseka khola, akuti, "Ambuye, zonse zabwera, makumi awiri ndi zitatu." Ndinabwerera kwanga osawauza. Lachinayi chimodzimodzi, Lachisanu chimodzimodzi. Dzanja linkagwirabe misana, koma pakamwa pankangotuluka nambala yozolowera. Ndipo Loweruka lotsatiralo linali lomaliza la mwezi.

Apa m'pamene ndinadziona wochenjera. Ndinali ndi yanga yofiira, msinkhu womwewo, nyanga zofanana. Masana ndinatukula waya n'kuilowetsa m'gulu lawo. Mumtima ndinkati, munthu wosaona adziwa bwanji? Chonsecho inenso ndine woweta, ndinayenera kudziwa bwino.

Dzuwa litapendeka mwanayo anaima pamalo pake, ine chapatali pang'ono, ng'ombe n'kuyamba kulowa. Yachisanu ndi chinayi inali yanga ija. Dzanja linatera pamsana, linatsetsereka mpaka m'chiuno, linabwereranso palinunda, n'kuima pomwepo.

"Iyi si yanga," anatero a Chipewa. "Ndi ya aneba, ili ndi chipsera cha waya apa. Aneba, muli pompano eti? Ndikukumvani kupuma."

"Ndilipo, bambo."

"Nanga yanga yofiira ili kuti?"

Kumunamiza mwanayo ndikanatha, koma iwo ayi. Ndinawauza za chigwembe chija.

"Zachitika liti?"

"Lachitatu."

Ng'ombe zotsala zinkakankhana kumbuyo kwa yanga ija. Amene anayamba kulankhula ndi mwanayo, uku akupukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja.

"Ababa, mwapambana. Mwaizindikira ya eni ndi dzanja lokha, pamene ine ndi maso angawa sindinaone kanthu. Khalani, tidzaonanso mwezi wamawa."

"Iyayi, mwanawe," anayankha. "Kuzindikira ya eni n'kosavuta. Yanga ndiyo sindinaisowe. Masiku atatu ndakhala ndikumuuza Mulungu kuti zonse zabwera, ina ili kudyedwa ndi akhwangwala. Tinapangana. Kanditsitsire sutikesi pamwamba pa kabati paja."

Mwanayo anachonderera, inenso ndinachonderera, koma kunali kutaya malovu. A Chipewa anamaliza kulowetsa zotsalazo, yanga anaibweza okha mpaka pawaya, ndipo Lolemba m'mawa ananyamuka. Ng'ombe zinagulitsidwa mwezi womwewo kwa munthu wa butchala ndi alimi awiri a tsidya la khwawa.

Kutauniko anakhala zaka ziwiri m'kachipinda ka kumbuyo, windo lake loyang'ana khoma la galaja. Ankasamalidwa bwino, zimenezo sindinganame. Ine ndinakawaona kamodzi kokha, chifukwa manyazi ankandigwira miyendo. Ndinawapeza atakhala pabedi, manja ali pamaondo, opanda choti agwire. Anafunsa za mvula, za mlatho, za mpanda. Ndinkayembekezera kuti andikalipira, mwinanso zikanandipepukira, koma sanatero. Pamene ndinkatsazika anandigwira dzanja n'kulankhula motsitsa, ndipo mawu amenewo amandipweteka mpaka lero.

"Mukanandiuza Lachitatu lomwelo, aneba, ndikanamunamiza Mulungu tsiku limodzi lokha."