Mabatire ndi Makiyi M'thumba Limodzi

Ndinanama pamaliro, pakhomo pa apongozi anga kwa Maseya. Ndinali nditaponya mabatire otchaja a wailesi m'thumba limodzi ndi makiyi a njinga. Makiyiwo atagunda mitu yonse iwiri ya batire, linatentha ngati khala la moto. Abusa ali pakati pa ulaliki, ine kudzambatuka nditagwira ntchafu.

"N'chiyani, akamwini?" anafunsa apongozi.

"Chinkhanira, bambo!"

Anthu onse anathawa kuchoka pansi pa mtengo wa mango pomwe tinakhala. Mpaka lero apongoziwo amakhala padzuwa, kuopa mthunzi wa mtengo wawo womwe.

Tsopano mabatire ndimawasunga m'kabokosi kawokha, mitu nditamata tepi. Loweruka ndikukawauza apongozi zoona, andiseke momwe angasekere. Munthu wamkulu asapse ndi dzuwa la Chikwawa chifukwa cha makiyi anga.