Ulendo wa a Shehata Wokaonetsa Nkhope

A Shehata ankasita zovala m'kanjira ka kuseri kwa msika ku Desouk, ndipo moyo wawo wonse ankakhulupirira chinthu chimodzi: palibe chimatheka munthu osapita yekha kukaonetsa nkhope. Mkazi wawo Ehsan anamupeza choncho, pokhala kwa apongozi Lachisanu lililonse n'kumamwa tiyi mpaka mkuluyo anatopa n'kuvomera. Kanyumba kositiramo anakapezanso choncho. Maliro sankawaphonya, ngakhale a munthu amene anangomusitirapo mkanjo kamodzi. Foni ankaiyesa chipongwe. "Munthu ukamufuna umamupondera pakhomo," ankatero, uku akupemerera madzi pa shati ndi pakamwa.

Ndiye mwana wawo yekhayo, Rawya, atanena kuti akufuna udokotala, a Shehata sanafunse munthu. Anauza Ehsan kuti aphike fitiri, mkate wamafuta uja umene mlendo sapita popanda, anavala mkanjo wa pa Idi, n'kukwera sitima ndi mwanayo kupita ku yunivesite ya mumzinda.

Pageti anapeza mlonda wa ndevu zaimvi dzina lake Gharib. Iyeyu atamva nkhani yawo anapukusa mutu.

"Achimwene, kuno sasankha poona nkhope. Mwana alembe mayeso, malikisi apite ku Cairo, kompyuta igawe malo. Basi."

"Kompyutayo ilibe mwini wake?" anafunsa a Shehata. "Nanga mwini wakeyo samwa tiyi?"

Gharib anaseka mpaka kutsokomola. Fitiri analandira, mwanayo n'kumulola kuti alowe akazungulire pang'ono.

Kuyambira pamenepo unakhala mwambo. Mwezi ndi mwezi, simbi pansi, mkanjo pathupi, fitiri m'manja. A Shehata ankakhala pageti n'kumaimirira kupereka moni kwa aliyense wovala tayi. Tsiku lina mphunzitsi wina wothamangira kalasi anawagwira chanza, ayi ndithu kanjira konse ka ku Desouk kanamva kuti akuluakulu akuwadziwa kale. Ehsan ankang'ung'udza. "Bambo a Rawya, batala mwandithera, mwana mukumutopetsa." Iwo ankangoti za amuna sangazimve.

Koma chimene sanachione n'choti pamene iwo ankapereka moni pageti, mwanayo ankakonda malowo. Rawya anali mtsikana wofatsa, wowerenga ndi m'sitima momwe. Anadzisankhira benchi pansi pa mtengo wa maluwa ofiira. Anadziwa zenera la chipinda chimene a chaka choyamba amaphunziriramo za mafupa. Mphaka wa kukantini anamupatsa dzina. Pobwerera ankawauza bambo ake njira yachidule yochokera pa benchilo kukafika ku laibulale, iwo n'kumamwetulira ngati munthu amene wagula kale munda.

Mayeso anakhoza, ndipo anakhoza bwino. Koma pa malikisi a udokotala chaka chimenecho anapereweza kachidutswa kakang'ono, koti ukauza munthu amayesa nthabwala. Kompyuta inamuponya ku sukulu ya zaulimi, kutali kummwera.

A Shehata sanalire. Anavala mkanjo, ananyamula fitiri, ulendo okhaokha. Gharib atawaona anaimirira, koma mkatewo sanaulandire.

"Ndinakuuzani tsiku loyamba lomwe lija, achimwene."

"Koma pano amatidziwa."

"Amene ndimakudziwani ndine ndekha. Ndipo ine ndi wapageti."

Anapempha kuti aonane ndi mphunzitsi wa chanza uja. Gharib anawafunsa dzina la mphunzitsiyo, koma iwo sankalidziwa. Anakhala pa mpando wa mlonda mpaka dzuwa linapendeka, fitiri ali pamwendo, mafuta akudontha papepala n'kuwathimbiritsira mkanjo. Munthu amene anatha zaka akuchotsa makwinya pa zovala za anzake anakwera sitima mkanjo wake uli makwinya okhaokha, ndipo sanasamale.

Kunyumba anapeza Rawya akupinda zovala zake. Mtima unawapweteka, koma mankhwala amene ankawadziwa anali amodzi omwewo.

"Mwanawe, mawa tikwere sitima ya kummwera. Tikaone sukuluyo, akatidziwe."

"Ayi, ababa."

Sanakweze mawu, sanasiyenso kupinda.

"Anzanga amene sanapeze malo alira tsiku limodzi, chifukwa ataya dzina la sukulu chabe. Ine ndikudziwa benchi langa. Ndikudziwa zenera. Ndikatseka maso ndimaona wina atakhalapo. Mukanangondisiya kunyumba, ababa, bwenzi ndisakudziwa chimene ndataya."

A Shehata anangoima chilili ndi mkanjo wamafutawo.

"Ndipita ndekha," anatero Rawya. "Ndipo chonde musadzabwere kudzandiona kumeneko. Mukadzaima pageti ndi fitiri, ndidzakumbukira geti lina lija."

Anapitadi yekha, ndipo iwo anamvera. Zimenezi n'zimene zinawathyola, chifukwa chikondi china sankachidziwa kupatula chokwera sitima n'kukagogoda. Akadali m'kanjira komweko, akusitabe, maliro sawaphonyabe. Kungoti pambali pa simbi tsopano pamakhala kafoni kakale kamene Ehsan anawaphunzitsa kuyankha. Lachisanu akachoka kumzikiti sapita kwa aliyense. Amakhala pamenepo, mkanjo wa pa Idi uli pathupi, kudikira kuti kalire.