Liwiro la laputopu landidanitsa ndi alamu

Sabata ino ndadzichotsa ulemu ndekha, ndipo palibe woti ndimuloze chala.

Kwathu ku Lirangwe kuli laputopu yakale ya akazi anga, mayi a Tadala. Inabwera ndi Windozi. Mukaiyatsa mumatha kupita kumjigo n'kubwerako isanadzuke. Ikadzuka imayamba kudzikonza yokha, bandulo n'kutha musanalembe ngakhale moni. Eni ake sankadandaula, chifukwa ankadziwa pomwe pali chilichonse.

Wodandaula ndinali ine, katswiri wa makompyuta amene maphunziro ake onse anawatola m'minibasi ya ku Chileka. Ndinamva kuti Linaksi, imene imaikidwa m'kompyuta m'malo mwa Windozi, ndi yaulere ndiponso yopepuka, makina okalamba amabwerera unyamata. Ndinasamutsa zolemba za mayi a Tadala bwinobwino n'kuiika Linaksiyo. Ndisaname, laputopu inayamba kuyaka ndisanakhazikike n'komwe pampando. Masiku atatu ndinkayenda motukumuka.

"Nanga makalata anga ndizilembera pati?" anafunsa mayi a Tadala.

"Muzolowera. Chachikulu ili ndi liwiro."

"Ndikupita kuti ine kuti ndifune liwiro?"

Loweruka kunali chinkhoswe cha mwana wathu Tadala. Popeza mayi ake anali ataisiya laputopuyo, pulogalamu ya mwambowo ndinalemba ndine. Ankhoswe a kuchikazi kumanzere, a kuchimuna kumanja, m'munsimo ogwira ntchito zina. Ndinaitengera pafulashi kwa a Saidi, amene amasindikiza mapepala pamsika. Makina awo ndi a Windozi.

"Bambo, izi mwalembera kwina," anatero a Saidi. "Zikatseguka kuno mizere imasuntha. Tayang'anani kaye."

"Ingosindikizani, ndawerenga kale kunyumba."

Inde, ya kunyumba ndinawerenga. Ya kwa a Saidi ayi. Mizere inatsetsereka, ndipo dzina la a Makwinja, mlongo wawo wa mayi a Tadala, mwini mbumba, nkhoswe wamkulu amene anachokera ku Chigaru atatchena suti, linakagwera pansi pa mutu wakuti "Otsuka mbale".

A Makwinja tambala wa chinkhoswe analandira, mwambo anayendetsa, koma chakudya sanakhudze. Anachoka osatsanzika, n'kusiya mawu akuti pa ukwati wa kutchalitchi tifune nkhoswe wina. Tadala analira. Ine manyazi anandigwira moti ndinkalakalaka nditalowa pansi.

Odwala matendawa tilipo ambiri. Timakangana za makina ngati za matimu a mpira. Yabwino ndi iti? Windozi aliyense amaidziwa, ndipo shopu iliyonse imatsegula zolemba zake, kungoti palaputopu yokalamba ngati yathuyi imakwawa. Linaksi imauluka, koma imafuna munthu wodekha ndi wofunsa, ndipo ine zonse ziwirizi ndilibe. Mkamwini wanga ali ndi kompyuta ya Maki, yosalala ngati mbale ya alendo, koma itamufera kuno angaitengere kwa yani?

Funso limene sitifunsa n'lakuti: adzaigwiritsa ntchito ndani, ndipo pepalalo likathera m'manja mwa yani? Timasinthira anzathu zinthu zimene zinkawayendera bwino, kenako tiziti tawatukula.

Lachiwiri ndinakwera kabaza wa ku Chigaru. Ndinapeza a Makwinja akusola chimanga pakhonde. Ndinafotokoza za Windozi, za Linaksi, za mizere yotsetsereka, mpaka kukamwa kunauma. Iwo ankangosola.

"Mwamaliza, alamu?"

"Ndamaliza."

"Ukwati ndibwera, chifukwa Tadala ndi magazi anga. Koma za makinazi musandiuzenso. Makina alibe mlamu. Amene munakwatira mlongo wanga ndinu. Dzina langa linali papepala, pepala lili m'manja mwanu. Maso anu anali kuti?"