Thabwa la Mbawa la Bambo Anga

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene bambo anga anamwalira, ndipo pa zonse za tsiku la maliro awo chimene chinandikhala kwambiri m'mutu si kulira kwa amayi kapena nyimbo za akwaya. Ndimakumbukira fungo la utuchi, ndi kanthu kena kozizira kamene ndinakafumbata mmawa umenewo mpaka chikhatho changa kuchita thukuta.

Tinkakhala m'malaini a esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, m'kanyumba kamene kanali kathu pokhapokha bambo ali pa ntchito. Iwo ankasonkhezera moto woumitsira tiyi kufakitale, amayi ankathyola masamba. Ine ndinali woyamba kubadwa, mwana wosakhazikika. Kusukulu ndinkagwedeza desiki, kutchalitchi ndinkagwedeza benchi, moti bambo anandipatsa dzina loti Nalinthumbu, ati ndinakhalira linthumbu ndili khanda ndiye silinatulukebe m'diresi.

Pansi pa bedi lawo panali thabwa limodzi la mbawa, lalitali, lofiira, lokhuthala ngati njerwa. Analigula kwa ocheka matabwa a ku Nsabwe, kwawo kwa amayi, kumene ankati adzamanga nyumba akadzapuma ntchito. Njerwa kunalibe, malata kunalibe, koma chitseko chinalipo kale. Lamlungu lina ankalikoka, kulipukuta fumbi, n'kuligogoda ndi chala. Amayi ankawaseka kuti anzawo amayamba ndi maziko, iwo ayamba ndi chitseko chotsekera mphemvu za pansi pa bedi. Bambo ankangoti, "Sekani. Nyumba ino ndi ya eni. Ichi chokha n'chathu."

Chakudza sichiimba ng'oma. Dzinja lina chifuwa chinawagwira, anakagonekedwa kuchipatala ku Makwasa, ndipo anabwerako ali mtembo. Anayenera kukaikidwa kwawo ku Kapichi. Esiteti inapereka matabwa a bulugama opangira bokosi, inaperekanso lole, koma ya mmawa wokha, chifukwa masamba a dzinja sadikira munthu. Masana inayenera kukanyamula tiyi kumasikelo. Ikanatisiya, bambo akanagonanso m'kanyumba kaja tsiku lina, m'chifundizi cha dzinja, ndipo ngakhale ine mwana ndinkadziwa tanthauzo la zimenezo.

Kutacha, amayi anaitana mchimwene wawo, amalume anga, mawu atasasa.

"Achimwene, kokani thabwa lija. Chivindikiro chikhale cha mbawa wawo. Asakagone pansi pa bulugama amene akhala akusonkhezera moyo wawo wonse."

Amalume ndi bambo wina woyandikana nafe analisenza pamapewa kupita nalo kuwekishopu. Ine anandikhazika pamphasa pakati pa amayi olira, koma miyendo inakana. Misozi sinkabwera. Ndinazemba ngati ndikupita kuseri, n'kuwatsatira m'kanjira kodutsa m'tiyi, mame akundinyowetsa mpaka m'chiuno. Kuphiri mitambo inali itayamba kale kuda.

Wekishopu inali kuseri kwa fakitale. Kalipentala wa esiteti anali a Namakhwa, bambo wachikulire, wamfupi, wa pensulo pakhutu, amene Chichewa chawo chinkatuluka ndi kafungo ka Chilomwe. Anali mnzawo wa bambo. Bokosi la bulugama anali atalikhoma kale, linangotsala chivindikiro. Amalume anafotokoza zofuna za amayi, kenaka anandiona pakhomo n'kundikalipira kuti ndibwerere kusiwa.

"Musiyeni," anatero a Namakhwa. "Thabwali ndi la bambo ake."

Amalume anathamangira kuofesi kukaona za lole, mnzawo uja anabwerera kumaliro, ine ndinatsala ndi mkuluyo ndi makina ake. Ankawatcha bandiso: chimakina chachitali kuposa munthu, cha mawilo awiri, lina kumwamba lina pansi, ndipo pamawilopo pankazungulira lamba wachitsulo wa mano ngati macheka. Kulira kwake tinkakumva tili kumalaini. Ndinkadziwa kuti chimadya thabwa munthu asanameze malovu, ndiye ndinati basi, ayatsa, acheka, tizipita.

Sanayatse. Anapita pakhoma, kutsegula kabokosi ka magetsi, n'kuzula kanthu koyera kokhala ndi timiyendo tachitsulo. Anakaika m'dzanja langa n'kundipinda zala.

"Gwira, mwanaka. Ndi fiyuzi imeneyi. Ikakhala m'manja mwakomo, makinawa ndi akufa. Zala zanga ndakusungitsa iwe."

Kenaka anayamba kuchita zinthu zimene kwa ine zinali kungotaya nthawi. Anatsegula zitseko za mawilo, kumasula lamba wopyapyala amene analipo, n'kumupachika pamsomali. Anatenga burashi n'kuyamba kupala utuchi wouma pamphira wa mawilo, mofatsa, ngati mayi akusambitsa khanda. Anabweretsa lamba wina, wotambalala, wa mano akuluakulu, anamuyendetsa chala mbali yonse kufufuza mng'alu, n'kumuveka mano ataloza pansi. Anapotokola chitsulo chakumwamba kuti lambayo akungike, kenaka anamukhwatula ndi chala, khutu ali pafupi, monga amachitira oimba kaligo. Lamba anati bwuu. Anapukusa mutu, kupotokolanso, kukhwatulanso.

Ine ndinali nditazungulira kale chipinda chonse. Ndinasuzumira pakhomo, ndinaponda utuchi, ndinakhala pabenchi n'kudzambatuka. Panja lole inaliza hutala, ndipo adalaivala analowa makiyi ali m'manja.

"A Namakhwa, taimu ikutha iyi! Akapitawo anena kuti ndikachedwa, lole ibwerere kumasikelo. Mvulanso iyo. Njira ya ku Kapichi mukuidziwa ikanyowa."

"Ndamva, adalaivala," anayankha osatembenuka.

Anali akuzunguza wilo lakumwamba ndi dzanja, pang'onopang'ono, maso ali pa lamba, kuona ngati akuyenda pakati pa mphira kapena akuthawira m'mbali. Akathawa, ankakhudza kachitsulo kakumbuyo n'kuzunguzanso. Atakhutira, anang'amba kapepala pa thumba lakale la tiyi, n'kukalowetsa pakati pa lamba ndi timitanda tomugwira m'mbali, kuti timitandato timuyandikire koma tisamukhudze. Anatero kumwamba, anagwada n'kuteronso pansi pa tebulo. Anaika sikweya yoyezera kuongoka kwa lamba patebulo, diso limodzi atatsinzina. Ndinkamva ngati ndiwakankhe.

Pomaliza anatseka zitseko za mawilo, kutsitsa chotchingira mano, n'kutambasula dzanja. Ndinawapatsa fiyuzi ija, iwo n'kuibwezera m'kabokosi. Makina anadzuka, pansi ponse pananjenjemera. Koma m'malo mwa mbawa anatola chidutswa cha bulugama chotayidwa, anachilemba mzere, n'kuchikankhira kumano. Anazimitsa, kuchitembenuza, kuchiyang'ana. Macheka anali atayamba pamzere, koma pofika kumapeto anali ataphonya pang'ono, pang'ono zedi, kosakwana n'chikhadabo chomwe.

Anapita pakhoma, kuzula fiyuzi, n'kundipatsanso.

Apa ndiye ndinaphulika. Sindinalankhulepo chotero kwa munthu wamkulu, koma mawu anangotuluka okha.

"Bambo anga akudikira! Lole iwasiya! Bwanji osangocheka? Ndani akayeze chivindikiro kumanda?"

Misozi imene inakana kusiwa inatulukira pamenepo, pautuchi. A Namakhwa sanandikalipire, komanso sanandisisite. Anapitiriza kumasula mpanda wotsamira thabwa, kuusuntha pang'ono kuti utsatire kumene lamba ankakokera, n'kuumanganso. Analankhula maso ali pa ntchito.

"Bambo ako sakufulumira, Nalinthumbu. Ofulumira ndife. Bulugama ndikaononga ndikatola wina panjapo. Mbawa uyu ndi mmodzi. Lamba akakhota ali m'kati mwake, sindingamuuze kuti bwerera."

Dzina limenelo linandiimitsa. Sindinkadziwa kuti bambo ankanditchula choncho ngakhale kwa anzawo kuntchito. Ndinakhala pansi, fiyuzi ndili nayo m'manja onse awiri, phazi likugunda pansi lokha. Kabokosi ka magetsi kanali pafupi, ndipo kabowo kake koikamo fiyuzi ndinkakaona. Koma zala zawo zinali pafupi ndi mano, ndipo anali atandisungitsa ine.

Atamaliza anatenga fiyuzi ija n'kuyesanso pachidutswa china. Ulendo uno macheka anadya mzere wa pensulo kuchokera koyamba mpaka kumapeto. Hutala inaliranso, yaitali, ndipo amalume analowa ali wefuwefu kuti adalaivala aliza kale injini. A Namakhwa anangowalozera kuseri kwa makina kuti akalandire thabwa. Analiimika cham'mbali n'kulemba mizere pamsana pake. Ndinaona kuti alemba iwiri. Chivindikiro chinkafuna matabwa awiri ogundana, ndiye mzere unayenera kukhala umodzi, pakati. Ndinaganiza kuti mkuluyu wasokonezeka, koma mphamvu zokangana zinali zitandithera.

Mbawa analowa m'mano. Kulira kwa makina kunasintha, kunakhala kokhuthala, ndipo utuchi wofiira unayamba kugwa, fungo lake lofanana ndi la pansi pa bedi lija. A Namakhwa sankakankha mwamphamvu, ankangoliperekeza. Pofika kumapeto anachotsa manja n'kumalizira ndi kamtengo. Thabwa loyamba linagwera m'manja mwa amalume lili see, losalala. Anabwereza pamzere wachiwiri. Ntchito imene anaikonzekera mmawa wonse inatha ndisanapukute n'komwe m'maso.

Zotsalazo anazichita ndi liwiro limene sindinkaganiza kuti ali nalo. Anapala matabwa awiri, kuwagundanitsa, kuwakhomera timitanda kunsi, kudula m'mbali molingana ndi bokosi. Chivindikiro chinakhala pamalo pake osagwedera. Pamene ankakweza bokosi m'lole, madontho oyamba a mvula anali akugwa pamalata, adalaivala akung'ung'udza, koma lole inali isanachoke.

Ndikuti ndikwere, a Namakhwa anandikoka mkono. Thabwa lachitatu linali litatsamira khoma.

"Ili ukawauze mayi ako kuti lili kuno. Bambo ako anandiuza kalekale kuti tsiku lake likadzafika ndidzawachekere patatu, chitseko chikwane. Awiri atenga okha. Limodzi akusiyirani."

Tinawaika bambo ku Kapichi tsiku lomwelo, mvula ikutsanuka, matope akumata m'mapazi. Pasanapite nthawi tinatuluka m'malaini, monga zimakhalira mwini ntchito akapita, ndipo pa katundu wathu wochepa wopita ku Nsabwe panali thabwa limenelo. Linagonanso pansi pa bedi zaka zingapo. Nyumba itamangidwa, yanjerwa zosaotcha, amayi anakaniza kalipentala wa m'mudzi kulidula. Analiika pakati pa chitseko, m'mbali mwake n'kuikamo bulugama.

Panapita zaka ndisanamvetse chimene chinachitika mmawa uja. Kucheka thabwa lija pawiri kunali kosavuta. Macheka akanakhota, a Namakhwa akanangopala n'kubisa, chifukwa mtengo unali wokwanira, ndipo tikananyamuka msanga popanda wodandaula. Koma kulicheka patatu kunalibe malo olakwitsira. Kukhota kwa chikhadabo kumene ine ndinkakuona ngati chibwana kukanadya thabwa lachitatu lonse. Nthawi imene ndinkati mkuluyo akubera bambo anga, ankaigwiritsa ntchito potisungira ife chimene bambo anatisiyira.

Linthumbu silinandichokebe. Lero ndine telala ku Makwasa, ndipo phazi langa limagunda pansi ngakhale makina ataima. Anthu akamandiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha ndimayankha kuti nkhonoyo ndilibe nayo ntchito. Koma munthu akandibweretsera nsalu imodzi yokha, ya ukwati kapena imene mayi ake anamusiyira, ndimayamba ndakonza ulusi, kuyesa pakansanza, kumasula, kuyesanso, mwini wake akuyang'ana wotchi. Ndinaphunzira kuti changu chili ndi malo ake: ukhoza kuthamanga popala ndi pokhoma, koma osati mano asanalowe m'chinthu chimene chilibe chinzake.

A Namakhwa anatsikira kulichete ndisanawathokoze. Amayi akalamba, ali ku Nsabwe komweko. Bulugama wa m'mbali mwa chitseko tamusintha kale chifukwa cha chiswe, koma mbawa wapakati ali momwe analili, wangoda ndi manja athu. Ndikapita kukawaona sindigogoda pena paliponse. Ndimagogoda pakati, ndi chala chimodzi, monga ankachitira mwini wake, podziwa kuti matabwa anzake awiri ali ku Kapichi, pamwamba pa bambo anga.