Demokalase ya Kwa Aphunzitsi

Aneba athu anapuma ntchito ya uphunzitsi kalekale, koma kuphunzitsa sanasiye. Amakhala pakhonde n'kumagawa maboma m'nyumba za eni. Kwa atelala amati ndi ufumu, poti makina osokera anachoka kwa bambo kupita kwa mwana popanda kufunsa munthu. Kwa agolosale ndi ulamuliro wa munthu mmodzi: ngakhale mphaka amayamba wapempha asanalire.

"Nanga kwanu, aphunzitsi?"

"Kwathu ndi demokalase yeniyeni," amayankha akudziguguda pachifuwa. Zoonadi, nkhani iliyonse amavotera, timapepala n'kuponya m'chitini cha mkaka.

Mwezi watha anavotera galimoto yawo, yomwe inali itakhala pabwalo zaka zisanu ndi zitatu osayenda, nkhuku zikuikiramo mazira. Amayi a kunyumbako ankafuna malowo kuti adzalepo masamba. Anthu asanu anati ichoke, mmodzi anati ikhale.

Aphunzitsi sanatekeseke. "Nyumba ya malamulo yalankhula, ndamva," anauza banja lawo. "Koma wosayinira lamulo ndi pulezidenti, ndipo pulezidenti akuiganizirabe nkhaniyi."

Anaiganizira milungu itatu. Loweruka aphunzitsi atapita kokameta, amayi anaitana ogula zitsulo zakale.

Madzulo ndinawapeza ataima pabwalo lopanda kanthu, chipewa chili m'manja.

"Achimwene, kuno boma lalandidwa," anandinong'oneza.

"Ndiye muchita ziwonetsero?"

Anasuzumira kukhitchini, komwe kunkachokera fungo la anyezi.

"Ayi, ndalivomereza kale boma latsopanoli. Unduna wa zakudya uli m'manja mwawo."