Chala cha Azakhali pa Tsaya la Aphunzitsi

Fungo la matemba limandibwezera ku Kachulu, pakhonde la azakhali anga, omwe ankachiza ululu wa kumaso podinikiza mitsempha ndi chala.

Sukulu yaulere itangoyamba, aphunzitsi a masamu anandikwapula, ine nʼkukawaneneza kwa azakhali. Loweruka lake ndinangoona aphunzitsiwo akufika atagwira tsaya. Ndinati eya, aitanidwa ku mlandu.

Azakhali, manja akununkha matemba, anawadinikiza pafupi ndi khutu. Aphunzitsiwo, munthu wamkulu, anakuwa, "Mayo ine! Pangʼonopangʼono, mayi!"

"Musawamvere, azakhali," ndinatero. "Onjezani!"

Aphunzitsi anandiyangʼana ndi diso limodzi.

Lolemba anabwera atachira, akumwetulira masaya onse awiri, ndipo anandikwapula ndi mphamvu zatsopano. Azakhali anandichizira mdani. Mpaka lero sindinawakhululukire.