Mwana Woyang'ana Pansi

Ndikukumbukira chikwama chabuluu chimene ndinabisa pansi pa bedi ku Dennistoun, mumzinda wa Glasgow, chaka chimene amayi anatisiya. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Bambo anamwalira ndili wakhanda, ndiye m'kanyumba kathu ka pamwamba tinatsalamo awiri, ine ndi agogo obereka amayi. M'chikwamamo ndinaikamo juzi, mswachi ndi chithunzi. Ndikaweruka kusukulu ndinkachitulutsa, n'kuchotsamo ichi, n'kuikamo icho, n'kuchibwezera. Ndinkaganiza kuti agogo sakudziwa.

Chinandilongedzetsa chinali kalata. Mayi wina wa ku ofesi yoona za ana anabwera kudzationa kawiri. Sanali munthu woipa, koma akandifunsa kanthu ndinkayang'ana pansi n'kudikira kuti agogo ayambe ndiwo kuyankha, monga anandiphunzitsira. Kwa agogo, mwana wotong'olera akulu maso ndi wamwano. Kalatayo ndinawawerengera ndine, chifukwa Chingelezi cha m'makalata chinkawavuta. Inkati mwanayo akuoneka wamantha pamaso pa agogo ake, ndipo poti panalibe pepala losonyeza kuti ondilera ndi iwo, akuganizira zondipezera banja lina.

"Pepala lanji?" anafunsa agogo. "Abale anandisiyira iwe pamaliro, mpingo wonse ukuona."

Kuyambira pamenepo sindinkakhazikika. Ndinkadziwa mapazi a aliyense wokwera masitepe amiyala a nyumba yathu, ndipo ndikamva achilendo ndinkasiya kutafuna. M'kalasi ndinkangoyang'ana kuchitseko.

Anamwino ena a kutchalitchi kwathu ndiwo anatiuza kuti phungu wa dera lathu ku nyumba ya malamulo ya Scotland amakumana ndi anthu Loweruka m'kaholo kena, ndipo nkhani za ana amazitengera pamtima. Agogo anakazinga mandasi, anati sangapite kwa munthu wamkulu chimanjamanja. Anavala chitenje chatsopano, pamwamba pake chikhoti chamvula.

M'holomo munkanunkha zovala zonyowa ndi tiyi. Agogo ankasuzumira panja, kudikira chigalimoto chachitali ndi asilikali. Mayi wina wamfupi wa nsapato zamatope ankandandalika mipando. Agogo anamupatsa ambulera kuti akawaikire pakona, iye n'kukaikadi. Dzina lathu litaitanidwa, tinapeza mayi yemweyo atakhala patebulo, cholembera m'manja. Agogo anangoti "mayo ine" chapansipansi, n'kugwada ndi mandasi awo. A phungu anasowa chochita, kenaka nawonso anagwada, mawondo akulira. Ndinachita kuwadzutsa ndine onse awiri.

A phungu anakokera mpando wawo kumbali yathu n'kuwerenga kalata ija kawiri. Iwo ankafunsa, ine ndinkamasulira. Agogo ankayankha maso ali pa nsapato zamatope zija. Mwadzidzidzi a phungu anasiya kulemba.

"Tawafunsa agogo ako ngati akundiopa."

Ndinawafunsa. Agogo anadabwa. "Ndiwaope chifukwa chiyani, kamunthu kochepa chonchi? Ndikuwalemekeza."

Ndinamasulira mawu omaliza okhawo.

A phungu anayang'ana agogo, anayang'ana ine, mitu yathu itawerama mofanana, n'kuika chala pa mzere uja wonena za mantha. "Tsopano ndamvetsa," anatero. "Komatu wogamula nkhaniyi si ine. Ogamulawo adzafuna kumva pakamwa pako. Iwe ukufuna kukhala kuti?"

Ndinamva chigongono cha agogo m'nthiti.

"Ayang'ane kumaso, Tadala. Lero lokha."

Ndinadzutsa mutu. Maso a phunguwo anali otuwa, otopa, ndipo sanandifulumize. Ndinawauza m'Chingelezi changa cha ku Glasgow kuti ndikufuna kukhala ndi agogo, chifukwa ndiwo amadziwa kuluka tsitsi langa ndi njira yopita kumene amayi anagona. Ndinaulula ndi za chikwama chomwe. Zimenezo sindinawamasulire agogo.

A phungu analemba makalata, anatipezera womasulira wamkulu kuti ntchitoyo ichoke pa ine, ndipo tsiku la msonkhano wa ogamula aja anabwera n'kukhala kumbuyo, atavala nsapato zomwe zija. Tinadikira miyezi, ine ndikumvetserabe masitepe. Pepala lotsimikiza kuti ondilera ndi agogo litafika ndinatulutsa chikwama kuti ndimasule katundu. Juzi lija linkanunkhira sopo, litapindidwa mmene ine sindipindira.

"Ndinalichapa kawiri," anatero agogo ali pakhomo. "Sindikanalola kuti ukafike kwa eni ndi juzi lafumbi."

A phungu aja sanaitaye nkhani ya agogo, azakhali ndi amalume olera ana a abale. Kwa zaka zambiri ankaimirira nayo ku Edinburgh, kumenyera kuti malamulo aziwadziwa anthu otere ndi kuwathandiza, ndiponso kuti mwana azifunsidwa maganizo ake m'njira imene angathe kuyankhira. Zina zinatheka, zina anzawo anazikana, iwo n'kuzibweretsanso. Akaoneka pa wailesi yakanema agogo ankandiitana kuti, "Bwera udzaone, mayi wa ambulera uja akuwavutanso."

A phunguwo anapuma ndale kalekale, ndipo ine lero ndimagwira ntchito mu ofesi yonga ija inatilembera kalata. Mapepala a agogo olera zidzukulu sakuvuta monga kale, koma ana oyang'ana pansi akubwerabe. Ndikakumana naye wotere, ndisanalembe kalikonse ndimayamba ndaona kumene maso a womulera ali. Mwana wanga wamkazi yekha ndiye sadziwa n'komwe kuti pansi pali chiyani. Agogo akamufunsa kuti wadzuka bwanji, amawayang'ana m'maso mwenimweni n'kuyankha m'Chingelezi. Iwo amapukusa mutu, n'kundilozera ndi ndodo.

"Inetu ndinati lero lokha."